Mtovu M'madzi Akumwa: Amaupima Bwanji?

Lero tiyamba ndi nambala imodzi. Nambalayo ndi 10.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limati m'lita imodzi ya madzi akumwa, mtovu usapitirire mamaikulogalamu 10. Maikulogalamu ndi kamuyeso kakang'ono zedi: mukagawa galamu imodzi m'magawo 1 miliyoni, gawo limodzi ndilo maikulogalamu. Kuti zimveke bwino, ndandikani zigubu 5,000 za malita 20, zonse zodzaza madzi. M'madzi onsewo musungunuliremo galamu imodzi yokha ya mtovu. Mwafika kale pamalire aja.

Madzi otere sasintha mtundu, sanunkha, ndipo pakamwa amamveka ngati madzi ena onse. Kuwiritsa kumapha tizirombo toyambitsa kolera, koma mtovu suchoka. Madzi akamaphwa pamoto, mtovuwo umatsalira momwemo m'poto. Tsono funso langa ndi ili: munthu wa ku labotale amene amalemba papepala kuti madzi awa ali ndi mtovu wokwana mwakutimwakuti, amauona bwanji?

Ndisanayankhe, ndifotokoze chifukwa chimene nkhaniyi si yachibwana. Mtovu ulibe ntchito iliyonse m'thupi la munthu, ndipo akatswiri a zaumoyo amagwirizana kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosaopsa. Amene amavulala kwambiri ndi ana. Mwana akameza mtovu, thupi lake limayamwa wochuluka kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo umafika ku ubongo umene ukukula kumene. Nthawi zambiri mwanayo sadwala mooneka. Amangochedwa kugwira zinthu kusukulu, mphunzitsi n'kumati ndi waulesi. Mtovu wina umakakhazikika m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambiri, ndipo mtsikana akadzakula n'kutenga pakati, umatuluka m'mafupamo n'kupita kwa mwana wosabadwayo. M'chaka cha 2020, UNICEF ndi bungwe la Pure Earth adatulutsa lipoti lonena kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa ana atatu alionse padziko lapansi ali ndi mtovu wochuluka m'magazi.

Omvera a ku Zambia safunika kuuzidwa zambiri. Ku Kabwe, komwe kale kunkatchedwa Broken Hill, mgodi wa mtovu ndi zinki udagwira ntchito pafupifupi zaka 90 mpaka kutsekedwa mu 1994. Mgodi udatsekedwa, koma fumbi lidatsala. Ofufuza a ku University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Hokkaido University ya ku Japan akhala akupima magazi a ana a m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, ndipo zimene akhala akupeza n'zodetsa nkhawa. Ku Nigeria, m'chigawo cha Zamfara, ana oposa 400 adamwalira cha m'ma 2010 chifukwa choti miyala ya golide imene makolo ankaperera pakhomo inali ndi mtovu wambiri. Ife tonse, ngakhale tili kutali ndi migodi, tili ndi mabatire akale a galimoto ndi a sola amene ena amaswa pabwalo, tili ndi penti wa mafuta amene nthawi zina amakhala ndi mtovu, ndipo mpaka kumayambiriro kwa 2006 petulo wa m'maiko athu ano ankakhala wothira mtovu. Dziko lomaliza kusiya petulo woteroyo linali Algeria, mu 2021.

Tsopano tilowe mu labotale.

Njira imene tikukamba lero imatsamira pa khalidwe limodzi la maatomu. Atomu ya chitsulo chilichonse ikakhala payokha, yosamangika ku zinzake, imameza kuwala kwa mtundu umodzimodzi womwe iyo imatulutsa ikatenthedwa. Mtovu uli ndi kuwala kwake, mkuwa uli ndi kwake, zinki nayo kwake, ndipo sizisinthana. Kwa mtovu, akatswiri amagwiritsa ntchito kuwala kwa mananomita 283.3 kapena 217.0, komwe maso athu saona. Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff adazindikira khalidweli ku Heidelberg, m'dziko la Germany, cha m'ma 1860. Koma padapita pafupifupi zaka 100 kuti wina aliike m'makina opimira zinthu tsiku ndi tsiku. Munthuyo anali Alan Walsh, Mngelezi amene ankagwira ntchito ku bungwe la CSIRO mumzinda wa Melbourne ku Australia. Adalengeza njira yakeyi mu 1955, ndipo ndi imene lero imatchedwa atomic absorption spectrometry, mwachidule AAS.

Makinawo ndi osavuta kuwamvetsa. Mbali imodzi kuli nyale yapadera imene m'kati mwake muli mtovu, choncho ikayaka imatulutsa kuwala kwa mtovu. Mbali inayo kuli diso lamagetsi loyeza kuchuluka kwa kuwala komwe kwafika. Pakati pali lawi lalitali koma lopyapyala, la mpweya wa acetylene, womwe uja amawotcherera zitsulo. Madzi ofuna kupimidwawo amakokedwa ndi kapaipi, n'kuwazidwa ngati nkhungu m'lawimo. Moto umaumitsa timadontho, n'kumasula maatomu. Ngati m'madzimo munali mtovu, maatomu akewo amameza kuwala kwina kwa nyale ija, ndipo diso lija limaona kuti kuwala kwachepa. Mtovu ukachuluka, kuwala kumachepa kwambiri. Ndi momwemo.

Vuto n'lakuti lawi ndi lowononga. Pa madzi onse amene kapaipi kamakoka, ofika m'moto sapitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Ena onse amatsikira m'botolo la zotaya. Ochepa amene afikawo amasakanikirana ndi mpweya wambiri woyaka, ndipo atomu iliyonse imadutsa panjira ya kuwala m'kanthawi kosakwana kuphethira. Popima mtovu m'dothi la ku Kabwe, lawi limakwanira, chifukwa mtovu wake ndi wambiri. Koma pa madzi akumwa, makina a lawi amayamba kusaona bwino pafupi ndi pomwe pali malire a 10 aja, mwinanso pamwamba pake. Muyeso umene umalephera pamalo pomwe mukuufunitsitsa ndi wosathandiza.

Apa ndi pomwe pakubwera nzeru ya lero, imene akatswiri amaitcha hydride generation. Maganizo ake ndi awa: m'malo moponya madzi onse m'moto, tiutulutse mtovuwo m'madzimo, tiusandutse mpweya, upite wokha kukakumana ndi kuwala. Amene adaonapo mayi akutcheza kachasu amvetsa msanga. Mumphika mumatsala madeya ndi zina zonse, ndipo chodutsa mupaipi ndi nthunzi yokha, yomwe yanyamula chimene akufuna. Kusiyana kwake n'kwakuti mu labotale chokweza mtovuwo si moto ayi, koma mankhwala.

Nzeruyi idayamba kale, ndipo idayambira m'makhoti. Mu 1836, katswiri wina wa ku Britain dzina lake James Marsh adapeza njira yogwirira anthu opha anzawo ndi poizoni wa arsenic. Ankathira zinki ndi asidi m'zimene atenga m'mimba mwa womwalirayo. Arsenic ankalumikizana ndi haidrojeni n'kutuluka ngati mpweya, ndipo mpweyawo ukatenthedwa unkasiya banga lakuda lonyezimira pagalasi kapena pambale yoyera. Mu 1840, njirayi idagwiritsidwa ntchito ku France pamlandu wotchuka wa Marie Lafarge, amene adapezeka wolakwa pa imfa ya mwamuna wake. Patapita zaka zoposa 130 chitulukire njira ya Marsh, mu 1969, Walter Holak wa ku America adatenga mpweya womwewu n'kuulowetsa m'makina a Walsh. Pasanapite nthawi, akatswiri adasiya zinki n'kuyamba kugwiritsa ntchito ufa woyera wotchedwa sodium borohydride, umene umagwira ntchito m'masekondi ochepa. Mu 1974, K. C. Thompson ndi D. R. Thomerson adaonetsa kuti njirayi ingatheke pa zinthu zingapo, ndipo pamndandanda wawo panali mtovu.

Koma mtovu ndi wamakani. Arsenic ndi selenium akakumana ndi borohydride amasanduka mpweya mosanyinyirika. Mtovu, momwe umakhalira m'madzi wamba, umatulutsa mpweya wochepa kwambiri, wambiri n'kutsalira pansi ngati timbewu takuda ta chitsulo. Ngakhale mpweya wakewo, umene umatchedwa plumbane, atomu imodzi ya mtovu ndi zinayi za haidrojeni, ndi wosakhazikika. Sungausunge m'botolo kuti udzaupime mawa. Umayenera kupangidwa ndi kupimidwa nthawi yomweyo.

Akatswiri adapeza kuti mtovu umafuna mankhwala ena othandizira. Ena adayesa dichromate pamodzi ndi asidi wa tartaric kapena wa lactic, ena hydrogen peroxide, ena persulfate. Amene adapambana onse ndi potassium ferricyanide, mchere wofiira womwe ukasungunuka umapatsa madzi mtundu wachikasu. Kwa zaka zambiri mabuku ankaphunzitsa kuti ntchito ya mankhwalawa ndi kuchotsa maelekitironi ena awiri pa atomu ya mtovu, kuti ikhale yokonzeka kugwira haidrojeni zinayi. Kenako Alessandro D'Ulivo ndi anzake ku Pisa, m'dziko la Italy, adaonetsa kuti ferricyanide amagwiranso ntchito ngakhale atakumana ndi borohydride kaye, asanauone n'komwe mtovuwo. Ndiye kuti chimene amasintha kwenikweni chingakhale borohydride. Ine zimandisangalatsa kuti njira imene ma labotale akhala akuidalira kwa zaka zambiri, eni ake anali akukanganabe za momwe imagwirira ntchito. Nambala zinkatuluka zolondola, koma chifukwa chake chidadziwika pambuyo.

Tiyeni tiime pafupi ndi tebulo tione. Pali kapampu kokhala ndi timawilo tozungulira tomwe timafinya timapaipi tofewa, n'kumakankha madzi pang'onopang'ono mosalekeza. Kapaipi kamodzi kali m'madzi opimidwa, omwe athiridwa asidi pang'ono. Kachiwiri kali mu borohydride, yemwe amamusungunula m'madzi a soda wowawa kuti asaonongeke msanga, ndipo amamukonza tsiku lomwelo. Ferricyanide amalowa ndi kapaipi kachitatu, kapena amamusakaniza kale ndi chimodzi mwa ziwirizo. Pomwe timapaipito takumana, madzi amachita thovu nthawi yomweyo, ndipo mukayang'anitsitsa mumaona timibulu ta mpweya tikuthamangitsana m'kapaipi kopotanapotana. Mpweya wambiri pamenepo ndi haidrojeni, ndipo m'kati mwakemo ndi momwe muli ka plumbane kathu. Zonse zimagwera m'kabotolo kagalasi kolekanitsira. Madzi amatsikira pansi kukatayidwa, pomwe mpweya wa argon umanyamula wopepukawo kupita nawo m'chubu cha galasi la quartz, chooneka ngati chilembo cha T, chimene achigoneka panjira ya kuwala ndipo achitenthetsa kufika madigiri 800 kapena 900. M'menemo plumbane amasweka, maatomu a mtovu amatsala paokha, ndipo pakompyuta mzere umene unali chigonere umadzuka, n'kufika pansonga, n'kubwerera pansi. Zonsezi sizikwana mphindi imodzi. Kutalika kwa nsongayo ndiko kumanena kuchuluka kwa mtovu.

Phindu lake ndi lapawiri. Mtovu wofika panjira ya kuwala ndi wochuluka kuposa wa m'lawi, ndipo umakhalitsamo m'chubu chija. Komanso mchere, laimu ndi zina zosokoneza zimatsalira m'madzi otayidwa. Zikakonzedwa bwino, njirayi imaona mtovu wochepera maikulogalamu imodzi pa lita, kutanthauza kuti malire a 10 aja imawaona bwinobwino.

Musaganize kuti ndikutsatsa malonda. Njirayi ndi yosachedwa kupsa mtima. Asidi akangochuluka kapena kuchepa pang'ono, nsonga ija imagwa, ndipo wosadziwa angalembe kuti madzi ali bwino pomwe mtovu wangokana kutuluka. Mkuwa, nickel ndi chitsulo zikachuluka m'madzimo zimalanda borohydride kapena kuswa plumbane asanafike kuchubu, ndiye madzi ochokera kufupi ndi migodi ya mkuwa amafuna kusamala kwapadera. Zotaya zake nazonso si zothira paliponse, chifukwa ferricyanide akakumana ndi asidi wamphamvu atha kutulutsa mpweya wakupha. N'chifukwa chake ma labotale ambiri akuluakulu amapima mtovu ndi makina ena. Ena amagwiritsa ntchito kang'anjo ka graphite, kachubu kakang'ono kotenthetsedwa ndi magetsi, komwe Boris L'vov wa ku Russia adayambitsa cha m'ma 1959. Ena ali ndi makina otchedwa ICP-MS, omwe amawerenga zitsulo zambiri nthawi imodzi koma mtengo wake ndi wokwera kwambiri, ndipo amamwa argon wambiri. Ubwino wa njira ya mpweyayi ndi wakuti labotale imene ili kale ndi makina a lawi ingangowonjezera kapampu, kabotolo kolekanitsira ndi chubu chija, n'kuyamba kuona zimene kale sinkaona. Kwa labotale ya ndalama zoperewera, zimenezo si zazing'ono. Koma imafuna munthu wodekha, wophunzitsidwa bwino, amene sathamangira kuweruka.

Makinawa paokha sadziwa nambala iliyonse. Amangoona kuti kuwala kwachepa. Choncho tsiku lililonse wopima amayamba ndi madzi amene wathiramo yekha mtovu wodziwika mlingo wake, mwina mamaikulogalamu 2, 5, 10 ndi 20 pa lita, n'kujambula mzere woyerekezera. Amatenganso madzi a kasitomala, n'kuwonjezeramo mtovu wodziwika, kuti aone ngati makinawo aubweza wonse. Akathira 10 n'kupeza 4, ndiye kuti m'madzimo muli china chake chimene chikubisa mtovu, ndipo zotsatira za tsikulo n'zosadalirika. Pomaliza pali botolo lofunika kuposa onse, la madzi oyeretsedwa opanda kanthu, lomwe limadutsa m'njira yonse ngati anzake. Botolo limeneli likaonetsa mtovu, ndiye kuti mtovuwo wachokera mu labotale momwemo: mu asidi, mu ferricyanide, m'magalasi osatsukidwa bwino, kapena m'fumbi la pawindo.

Amene adaphunzitsa dziko za vuto limeneli ndi Clair Patterson wa ku America. Iye ankafuna kudziwa zaka za dziko lapansi popima mtovu m'miyala yogwa kuchokera kumlengalenga, koma nambala zake zinkangosokonekera. Adapeza kuti mtovu unali paliponse: m'madzi a pampopi, m'penti wa pakhoma, m'zovala, m'tsitsi la anthu ogwira ntchito. Adachita kumanga chipinda chapadera chosalowa fumbi, ndipo mu 1956 adalengeza kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 4.55 biliyoni. Atamaliza zimenezo adafunsa kuti mtovu wonsewu ukuchokera kuti, ndipo yankho lidaloza ku petulo. Makampani sadakondwe naye, koma nambala zake zidapirira, chifukwa anali atatsuka mabotolo ake kuposa wina aliyense.

Ndipo botolo lingathe kunamiza mbali zonse ziwiri. Lakuda limawonjezera mtovu, koma loyera nalonso limaba. Madzi akakhala m'botolo masiku angapo opanda asidi, mtovu umamatirira m'mbali mwa botolomo, ndipo wofika kumakina amakhala wochepa. N'chifukwa chake otunga madzi opima amagwiritsa ntchito mabotolo apulasitiki otsukidwa ndi asidi, ndipo amadonthezeramo asidi wa nitric mpaka pH itatsika kufika pansi pa 2. Botolo la chakumwa lotolera pamsika silingagwire ntchito imeneyi.

Nthawi yotungira nayo ndi nkhani. Kawirikawiri mtovu wa m'madzi a pampopi suchokera kumtsinje kapena kudamu. Umachokera m'mapaipi akale, m'zowotcherera zolumikizira mapaipi, ndi m'mipopi ina ya brass. Madzi akagona m'paipi usiku wonse, ndi pomwe amayamwa mtovu wambiri. Mzinda wa Flint, ku Michigan m'dziko la America, udaphunzira zimenezi mowawa. Mu Epulo 2014, akuluakulu adayamba kupopa madzi a mumtsinje wa Flint osathiramo mankhwala oteteza mapaipi kuti asadyeke. Anthu adadandaula, koma ankauzidwa kuti madzi apimidwa ndipo ali bwino. Pambuyo pake zidadziwika kuti malangizo otungira madziwo ankauza anthu kuti atsegule kaye mpopi kwa mphindi zingapo usiku woti mawa atunga, zomwe zimatsitsa nambala, komanso kuti nyumba zambiri zopimidwa sizinali zija zokhala ndi mapaipi a mtovu. Zidatengera gulu la Marc Edwards wa ku Virginia Tech kupimanso madzi a m'nyumba mazana angapo, ndi dokotala wa ana Mona Hanna-Attisha kuonetsa mu Seputembala 2015 kuti mtovu m'magazi a ana wakwera, kuti boma livomere. Dziko lolemera chonchija, makina apamwamba ali nawo, koma chinyengo chidalowera pampopi.

Tsono inu a komiti ya mjigo, inu a mfumu, inu aphunzitsi aakulu amene mudzalandire pepala la zotsatira za madzi a pasukulu panu, musangoyang'ana chidindo. Pamzere wa mtovu, womwe nthawi zina amangoulemba kuti Pb, mungapeze mawu onena kuti sunapezeke. Mawu amenewo satanthauza kuti mulibe. Amatanthauza kuti makinawo sadauone, ndipo makina alionse ali ndi pomwe maso ake amathera. Ngati makinawo amayamba kuona pa 50, madzi a mtovu wokwana 40 adzalembedwa kuti sunapezeke, chikhalirecho apitirira malire kanayi. Pepala labwino limalemba malire a makinawo pambali pa zotsatira. Ngati palibe, funsani. Funsaninso njira imene apimira, amene adatunga madziwo, nthawi imene adatunga, komanso ngati m'botolomo adathiramo asidi. Wopima wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa, amakondwa kuti wapeza womumvetsa.

Kwa amene muli ndi madzi a m'mipopi m'nyumba zakale, m'mawa tsegulani mpopi madzi ogona aja ayambe atuluka, muwagwiritse ntchito yochapira kapena kukolopera, kenako mutunge akumwa ndi ophikira phala la mwana. Batire yakale isaswedwe pabwalo pomwe ana amasewera. Ndipo ngati mukukhala pafupi ndi mgodi wakale kapena malo osungunulira mabatire, pitani ndi ana kuchipatala mukafunse ngati angawapime mtovu m'magazi.